Sikani ikuti khansa, labu ikuti palibe: timvere ziti?

Nangondo_Mpondasi
Abale a pagulu pano, ndithandizeni maganizo, mutu waima. Achemwali anga aakulu, a zaka 46, amakhala ku Makanjila, amagulitsa usipa wouma. Anapeza kachotupa kubere la kumanzere, kolimba ngati kamwala koma kosapweteka. Anakhala nako miyezi itatu osauza munthu, mpaka nsonga ya bere itayamba kulowera m'kati. Tinapita nawo kuchipatala china, dzina sinditchula, anawajambula sikani ya ultrasound, papepala n'kulemba BI-RADS 5. Kenako anawabaya ndi singano yaikulu kutenga kanyama. Zotsatira tazidikira masabata 7, zabwera Lachiwiri, akuti khansa sanaipeze. Kunyumba kunali nthungululu, alamu anga mpaka anapha nkhuku. Koma adokotala amene anatipatsa pepalalo sanaseke nafe. Akuti zotsatirazi sizikugwirizana ndi chithunzi, ndiye achemwali akabayidwenso kuchipatala chachikulu, mwinanso kuchotsa chotupa chonsecho. Alamu akukana, akuti labu yanena kale, enawo akungofuna kudula munthu wabwinobwino. Ine ndili pakati. Timvere ziti?

Che_Usipa77
Labu ndiye bwalo lalikulu, mayi. Sikani ndi mthunzi chabe. Thokozani Mulungu, achemwali abwerere ku bizinesi yawo.

MayiWaAtatu_Namwera
Inenso ndili kwa alamu anuwo. Madokotala ena mpeni amaukonda. Munthu wapezeka alibe matenda, akumufunanso chiyani?

Wojambula_waKuBoma
Pepani a Che_Usipa77 ndi amayi a ku Namwera, pamenepa ndikutsutsani, chifukwa makina a sikani ndiwo ndimadyerapo. BI-RADS si dzina la matenda. Ndi muyezo umene unakonzedwa ndi bungwe la American College of Radiology kuti ojambula tonse tizilankhula chinenero chimodzi, ndipo umayambira pa 0 kulekeza pa 6. Akalemba 1 kapena 2, palibe chodetsa nkhawa. Akalemba 3, chotupacho chikuoneka chosaopsa, mwayi woti n'kukhala khansa suposa 2 pa 100, ndiye timangoti mubwerenso pakatha miyezi 6 tidzaone ngati chasintha. Pa 4 pali chikaiko, kanyama katengedwe. Koma 5 amatanthauza kuti mwa zotupa 100 zooneka chonchi, 95 kapena kuposa zimakhala khansa. Wojambula salemba 5 mwachibwana. Amakhala waona chotupa cha m'mbali mosalongosoka, chotulutsa timizu tolowa m'nyama yoyandikana nacho, mwinanso mwanabere wa m'khwapa wosintha maonekedwe.

Tsono taganizani wogula chimanga pamsika. Amabaya thumba ndi kachitsulo kaja n'kutulutsa njere zochepa. Njerezo zikatuluka zoyera, koma thumba lonse likununkha chuku ndipo anankafumbwe akuyenda pamwamba, kodi mumalipira? Simunena kuti njerezo zanama. Njerezo n'zoyeradi. Funso ndi lakuti kachitsulo kaja kanabaya pati.

Che_Usipa77
Ndiye ngati labu simuikhulupirira, mumawabayiranji anthu? Bwanji osangodalira makina anuwo?

Wojambula_waKuBoma
Sindinati sitiikhulupirira, achimwene. Labu ikati khansa ilipo, nkhani yatha, palibe makina otsutsa. Vuto limabwera ikati palibe. Chotupa cha m'bere chimayezedwa panjira zitatu: manja a dokotala, chithunzi, ndi kanyama ka ku labu. Ndi mafuwa atatu amenewo. Pa achemwali awa, manja apeza chotupa cholimba chokoka nsonga, chithunzi chati 5, labu yokha ndiyo yati ayi. Fuwa limodzi lafupika. Mphika umenewo ine sindingautereke.

NamwinoWopuma_Malindi
Mwanangu Nangondo, ndisanayankhule zambiri, ndiyankhe izi. Pobayapo, kodi anali kuyang'ana pa sikani kapena anangogwira ndi dzanja? Anatenga tizidutswa tingati? Ndipo undiwerengere mawu enieni amene alembedwa papepala la ku labu, osati zimene anakufotokozera pakamwa.

Nangondo_Mpondasi
Amayi, ndawaimbira achemwali. Akuti sikani panalibe, anangogwira ndi zala n'kubaya, chifukwa tsikulo makina anali m'chipinda china chokhoma. Kuwomba kwa singano anakumva kawiri. Papepala palembedwa kuti "benign fibrofatty breast tissue", ndipo m'munsi mwake "clinical correlation advised".

NamwinoWopuma_Malindi
Ndi zimene ndimaopa. Mawu oyambawo akutanthauza kuti m'botolo munali mafuta ndi nyama wamba ya m'bere, imene ingapezeke mwa mkazi aliyense, ngakhale mwa ine nkhalamba. Sanatchule dzina la chotupa chilichonse. Ndiye tadzifunsa, kamwala kamene achemwali ako akukagwira ndi dzanja kali kuti papepalapo? Palibe. Labu sinakaone. Mawu achiwiriwo ndi wa ku labu akuuza dokotala kuti, ine ndanena za chimene mwanditumizira, inu yerekezani ndi wodwala amene ali pamaso panu.

Singano kuphonya si chachilendo, ndipo si nthawi zonse pamene pamakhala kusasamala. Chotupa cholimba chimathawa singano, imatsetsereka n'kudula mafuta a m'mbali. Chikakhala chachikulu, pakati pake pamakhala nyama yakufa imene sionetsa kanthu. N'chifukwa chake amafuna kubaya uku akuona singano pa sikani ikulowa m'chotupa, ndi kutenga tizidutswa tingapo m'malo osiyana, osati tiwiri tokha. Adokotala amene anakana kuseka nanuwo muwagwire m'manja. Ena akadangoti zikomo mwachira, pitani.

Mphunzitsi_waKatuli
Komatu tisachite ngati sikani ndi mngelo. Akazi anga zaka zapitazo anatupa bere, cholimba, khungu kuchita kufiira, mwanabere m'khwapa. Aliyense amene anaona chithunzi anapukusa mutu. Ine ndinayamba kale kuganiza zogulitsa njinga yamoto. Atayeza kanyama anapeza TB. Inde, chifuwa chachikulu cha m'bere, ine sindinkadziwa n'komwe kuti chiliko. Anamwa mankhwala aja a TB, lero ali kudimba akupalira tomato. Ndiye a Wojambula, makina anu amanamanso.

Wophunzira_zaUdokotala
Aphunzitsi, nkhani yanuyo ikuthandiza mbali ya a Wojambula, osati kuitsutsa. Taonani kusiyana kwake. Kwa amayi akunyumba kwanu labu inatchula chinthu, TB, ndipo TB ikhoza kupanga chotupa cholimba ndi mwanabere, kotero chithunzi chinapeza mwini wake. Pali zinanso zimene zimavala nkhope ya khansa koma si khansa: mafuta ofa m'bere munthu akamenyeka kapena akachitidwa opaleshoni, amene timati fat necrosis, kachipsera kotambalala ngati nyenyezi kotchedwa radial scar, ndi kutupa kwa granulomatous mastitis. Palibe akukana kuti achemwali a Nangondo angakhale ndi chimodzi mwa zimenezi. Mwa 100 aja, pali ochepa amene satuluka ndi khansa, ndipo tikupempherera kuti akhale m'gulu limenelo. Koma pepala lawo silinatchule chilichonse mwa izi. Zimene timaphunzitsidwa n'zakuti chithunzi chikati 5 koma kanyama kakati palibe, sudikira miyezi 6 ngati mmene umachitira ndi 3. Umatenganso kanyama, mwina ndi singano yaikulu yodula kanyama, ya core biopsy, motsogozedwa ndi sikani, mwina ndi makina okoka nyama yambiri kumene alipo, apo ayi dokotala wa opaleshoni amachotsa chotupacho kuti labu ichione chonse.

Mphunzitsi_waKatuli
Chabwino, mwana wasukulu wandigwetsa. Koma lembani kuti TB ya m'bere iliko, anthu adziwe.

Anachisale_MonkeyBay
Inu mukungoti abayenso, abayenso. Simukudziwa kuti khansa ikaboledwa imakwiya? Azakhali anga anali bwinobwino, atangowabaya basi, miyezi isanu tinaika maliro. Ine m'bale wanga sangabayidwe kawiri.

NamwinoWopuma_Malindi
Pepani ndi maliro a azakhali, mayi. Koma ndifunseko, pamene ankapita kukabayidwapo, chotupacho anali atakhala nacho nthawi yaitali bwanji?

Anachisale_MonkeyBay
Zaka ziwiri mwina. Chinali chitayamba kutuluka madzi.

NamwinoWopuma_Malindi
Ndiye singano inangopeza nyumba itapsa kale. Kuno kwathu amayi ambiri amafika kuchipatala matenda atapita patali, akabayidwa n'kumwalira posachedwa, mudzi wonse umaloza singano. Kutenga kanyama sikumwaza khansa m'thupi. Chimene ndaona chikupha anthu m'zaka zanga zonse m'wodi ndi kudikira.

Kabaza_waPaBridge
Nonsenu mukuyankhula za chizungu, palibe wafunsa za thiransipoti. Mukuidziwa Makanjila inu? Kuchoka kumeneko kudzafika pa boma pokha munthu umafika fumbi lili m'makutu, nthawi yamvula ndiye osanena. Kenako ukwere minibasi ya ku Liwonde, upitirire Zomba kapena Blantyre. Anthu awiri, kupita ndi kubwera, chakudya, pogona. Alamu akewo mwina si kuuma mtima, m'thumba ndi mmene mwauma.

Che_Usipa77
Apa ndiye wanena, Kabaza. Msewu umenewo andale akhala akuulonjeza ine ndisanamere ndevu.

Mbalame_yaNankumba
Kuli bwino kwanuko, bwerani kuno mudzaone. Ndipo mwera ukaomba ngakhale boti sungalidalire. Usipa chaka chino wakwera chifukwa cha zomwezo.

Che_Usipa77
Usipa wakwera chifukwa cha mafuta a injini, osati mwera. Mwera unayamba lero?

Mbalame_yaNankumba
Inu mumagula kwa ogula anzanu, kugombe simufika.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za usipa tsegulani mutu wina. Pano pali mayi wodwala.

Ndinapulumuka_Chimwala
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndalephera kupirira. Nangondo, ine ndinadutsa njira yomweyi. Ndinali ndi zaka 39, ndikuyamwitsa mwana wanga womaliza. Poyamba anati ndi mkaka waundana, anandipatsa mankhwala a mabakiteriya, kawiri konse. Kenako sikani inakayikira. Anandibaya ndi kasingano kakang'ono kaja kokoka timadzi, amati FNA, osati yaikulu yodula nyama. Pepala linabwera loti palibe choopsa. Amene anandipatsa pepalalo sanaone chithunzi chija, chinali m'chikwama mwanga, ndipo ine sindinadziwe kuti n'kofunika kuchitulutsa. Ndinapita kutchalitchi kukapereka umboni, anthu anaimba.

Miyezi 10 inadutsa. Chotupa chikukula, ine n'kumadziuza kuti pepala lili m'Baibulo langa likuti ndilibe kanthu. Mpaka khungu linayamba tizibowo ngati khungu la lalanje, mkono kulemera. Nditabwerera, dokotala wina anaika mapepala awiriwo patebulo limodzi, anangogwira pakamwa. Anandibaya ndi singano yaikulu, inali khansa, itafika kale m'khwapa. Bere anachotsa, mankhwala a m'diripi ndinalandira, tsitsi linathothoka, ndipo mapiritsi a tamoxifen, othandiza kuti khansa isabwerere, ndamwa zaka zisanu. Ndili moyo, mwana uja ali Sitandade 4. Koma miyezi 10 ija imandiwawabe, chifukwa pepala labwino lija ndi limene linanditsekera pakhomo. Alamu anuwo muwawerengere zimene ndalembazi. Akafuna kumva ndi makutu awo, ndilembereni kumbali ndiwayankhule.

MayiWaAtatu_Namwera
Mayo ine. Ndabweza mawu anga aja a mpeni.

Kamtsikana_kaKoche
Tsono mwandiopseza. Ine ndili ndi zaka 23, ndili ndi kachotupa kotereraterera, ukakagwira kamathawa. Sikani inati 3, dokotala anati ndi fibroadenoma, ndibwere pakatha miyezi 6. Ndiye nanenso anandiphonya?

Wojambula_waKuBoma
Ayi achemwali, pumani. Kwa inu mafuwa akugwirizana: msinkhu wanu, kachotupa kosalala koyendayenda, ndi chithunzi, zonse zikuloza kumodzi. Fibroadenoma ndi chotupa chofala kwambiri mwa atsikana ndipo si khansa. Chanu n'kusaphonya tsiku limene anakupatsani. Koma kakayamba kukula msanga, kulimba, kapena khungu likasintha, musadikire kuti miyezi 6 ikwane. Ndipo wina asakuuzeni kuti munalakwiridwa posakujambulani mammogram, X-ray ya bere. Kwa atsikana bere limakhala lothinana, mammogram saona bwino, sikani ya ultrasound ndiyo imayambira.

Gogo_Chiponde
Ana inu, sikuti zonse n'zachipatala. Kutsidya kuno kuli munthu amatema mphini pachotupa n'kupaka mankhwala, chimasungunuka. Pamene madokotala akukangana okhaokha, bwanji osayesako?

Ndinapulumuka_Chimwala
Agogo, ndi ulemu wonse, mphini ndili nazo 6 pabere limene latsala ndi pachifuwa. Chimene zinandipatsa ndi bala lotukusira, ndi mbuzi imene ndinalipira.

Gogo_Chiponde
Munapita kwa wabodza.

NamwinoWopuma_Malindi
Achemwali anga a ku Chiponde, ine ndi inu ndife a msinkhu umodzi, sitikanganirana pamaso pa ana. Ndingoti madokotala sakukangana. Wojambula ndi wa ku labu aliyense wanena zoona pa chimene anaona, ndipo wachitatu waona kuti awiriwo sanaone chinthu chimodzimodzi. Mapemphero, duwa, zonsezo zipitirire, koma bere asalitemeteme, chifukwa bala likalowa mafinya opaleshoni imachedwa.

Nangondo, tenga cholembera. Kalata yotumizira wodwala kuchipatala chachikulu ilembedwe ndi adokotala aja, ndipo alembemo momveka kuti chithunzi ndi kanyama sizikugwirizana. Popanda mawu amenewo, wolandira kumeneko adzangoona "benign", kutanthauza kuti si khansa, n'kukubwezani. Kwa ife a ku Mangochi chipatala chachikulu chapafupi ndi Zomba Central, ndipo Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe ndiko kuli madokotala ambiri a khansa. Adokotala anuwo akuuzani koyenera, ndipo muwapemphe aimbiretu foni kuti mudziwe tsiku la kiliniki ya opaleshoni, musakagone pakhonde pachabe. Nyamulani kabuku ka kuchipatala, lipoti la sikani, zithunzi zake ngati anakupatsani, ndi pepala la ku labu. Zonse muzijambule pafoni, mapepala amasowa. Pobaya mufunse ngati agwiritsa ntchito sikani, ndipo aonenso m'khwapa. Musanatuluke mufunse kuti kanyamako kapita labu iti, nambala yake ndi chiyani, ndipo zotsatira mudzazitenga kwa yani. Siyani manambala a foni awiri, wako ndi wa achemwali, poti netiweki ya kumudzi mukuidziwa.

Wophunzira_zaUdokotala
Ndiwonjezereko pang'ono pa za amayi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2021 linakhazikitsa ndondomeko ya khansa ya m'mawere, ndipo chimodzi mwa zolinga zake n'chakuti kuyeza konse, manja, chithunzi ndi labu, kuthe pasanadutse masiku 60 kuchokera tsiku limene mayi wafika koyamba kuchipatala. Achemwali awa masabata 7 apita podikira pepala limodzi lokha, kuphatikiza miyezi itatu imene anakhala chete. Mukafika muzinena masiku amenewa, asakuikeni kumapeto kwa mzere ngati wodwala watsopano. Ndipo zikapezeka kuti ndi khansa, mufunse ngati kanyamako angakayezenso za mahomoni, amati ER, chifukwa n'zimene zimasonyeza ngati mankhwala onga tamoxifen angagwire ntchito.

Bambo_aShukurani
Ine ndiyankhuleko ngati mwamuna. Alamu anuwo musawapanikize pagulu, mudzangowaumitsa khosi. Munthu anapha nkhuku, anauza abale ndi anzake kuti akazi anga achira, lero abwerere akanene kuti tinasangalala msanga? Ndi manyazi amenewo, kuphatikiza mantha oti akadula bere. Muwauze kuti ulendo uno si wokadula bere, ndi wokatenga kanyama pamalo oyenera. Ndipo pajatu kwathu kuno mbumba ili ndi mwini wake. Amalume anu kapena alongo anu aakulu ali kuti? Akhale pansi ndi alamuwo amuna okhaokha. Za ndalama, pabanja musonkhe, musawasiyire okha ngati chilango.

Anachisale_MonkeyBay
Nanga mwini bere mwamufunsa? Tonse tikukamba za alamu, alamu. Achemwaliwo akuti chiyani?

Nangondo_Mpondasi
Anachisale, funso lanu landibaya, chifukwa sindinawafunsedi. Ndawaimbira usiku alamu atapita kunyanja. Analira. Akuti iwo pepalalo sanalikhulupirire kuyambira tsiku loyamba, poti kamwalako akukamva kakukula ndipo m'khwapa mwayamba kachotupa kena, koma anaopa kuwononga chisangalalo cha pakhomo. Za m'khwapazo sanauze aliyense, ngakhale adokotala.

NamwinoWopuma_Malindi
Zimenezo adokotala azimve mawa lomwe, zilowe m'kalata.

Nangondo_Mpondasi
Ndabwera kudzakudziwitsani. Amalume anapita ku Makanjila Loweruka, anakhala ndi alamu mpaka dzuwa kulowa. Ndinawatumiziranso zimene analemba a Ndinapulumuka_Chimwala, mwana wawo anawawerengera. Sanavomere ndi pakamwa, koma m'mawa mwake anapereka ndalama ya matumba awiri a usipa, akuti ya ulendo. Adokotala alemba kalata, aikamo za m'khwapa, ndipo aimba foni. Atipatsa Lachinayi la sabata yamawa. Achemwali afika kuno ku Mpondasi Lachiwiri kuti tidzanyamuke Lachitatu m'mamawa. Funso langa latsala limodzi: kodi tsiku lobayalo adye kapena apite ndi njala?

Wojambula_waKuBoma
Ngati ndi singano chabe, amangobaya jekeseni wochititsa dzanzi pamalopo, munthu sagonekedwa, ndiye adye phala lake bwinobwino. Kusala kudya n'kwa opaleshoni yogoneka tulo, ndipo ikafunika adzakuuzani okha. Ngati amamwa aspirin kapena mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, anene asanabayidwe. Avale bulauzi yomasula kutsogolo.

Kabaza_waPaBridge
Lachitatu ndikhala pa siteji 5 koloko. Katundu ndi achemwali ndidzawafikitsa pa depoti ine, musalipire.

Che_Usipa77
Kabaza, amayi odwala panjinga yako yopanda mabuleki ija? Nangondo, ndilembereni kumbali, mphwanga amayendetsa minibasi ya ku Zomba, awasungire mpando wakutsogolo.